Mandara ya Ustaz Wahba

Makina osindikizira aja anali ndi maliridwe awiri, ndipo Hefni ankawadziwa onse monga ankadziwira chifuwa cha mkazi wake. Akamatulutsa makadi a chipatala ankalira mothamanga, trrr, trrr, osapuma. Koma akafuna kutulutsa kalata ya maliro ankayamba aima kaye. Kenako pepala linkakwera lokha kawiri, kho, kho, ndipo mizere inkabwera pang'onopang'ono, umodziumodzi, ngati munthu wotsika masitepe mumdima.

Usiku wa Lamlungu, cha m'ma 2 koloko, anamva kho, kho.

Sanadabwe. Pa fakitale ya shuga ya anthu zikwi zinayi imfa si mlendo. Munthu akamwalira, kalaliki ankalowetsa imfayo masana, ndipo usiku makina ankalembera banja lake kalata: pepani kwambiri, khadi lanu lachipatala latsekedwa, nyumba ya kampani mutulukemo pakatha miyezi itatu. Ndi momwe kampani imapepesera maliro. Hefni anadzuka pampando, mawondo akulira, n'kupita kukang'amba pepalalo. Lamulo linali lakuti mesenjala sawerenga makalata, koma maso alibe lamulo.

Dzina linali la Hagg Bakhit wa ku maboyila, munthu amene anaima naye phewa ndi phewa mumzikiti madzulo omwewo. Ndiye ngati wafa usiku uno, imfa yakeyo wailowetsa ndani, akalaliki onse ali m'mabulangete? Hefni anayang'ana uku ndi uku. M'chipindamo munali iye yekha, mphepo yozizira ya makina, ndi nyali imodzi yomwe inkaphethira kuyambira chaka chatha popanda woikonza. Anapinda kalatayo n'kuiika m'bokosi la zotumiza, poti imeneyo ndiye inali ntchito yake.

Pa mapepala a kampani Hefni anali mesenjala basi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akuyendetsa kompyuta usiku yekhayekha, malipiro a mesenjala. Anamuphunzitsa ndi malemu Ustaz Wahba, amene analemba pulogalamu yonse ya makadiwo m'chinenero chakale cha COBOL, ndipo ndi yekhayo mwa anthu a masukulu amene ankamwa tiyi naye pa thebulo limodzi. Tsopano kunatsala miyezi isanu ndi itatu kuti Hefni apume, alandire zake, akafere kumudzi.

M'mawa kalata inafika. Mkazi wa Bakhit sadziwa kuwerenga, ndiye anaipereka kwa mnansi amene anaiwerenga mokweza pakhomo. Amayi anayamba kulira. Bakhit anatuluka mkate uli m'manja, nyemba zili kukamwa.

"Mukulira ndani?"

"Inu, Hagg."

Anthu anaseka tsiku lonse. Koma masana Bakhit atapita kuchipatala cha kampani kukatenga mapiritsi ake a magazi, anamubweza pawindo. Makina akuti mwamwalira, Hagg, ife sitipereka mankhwala kwa akufa. Hefni atamva zimenezo sanaseke. Windo limenelo ankalidziwa. Anaimapo chaka cha 1987, mlongo wake wotsiriza Nargis ali kumsana, thupi lili moto, wazaka zisanu ndi ziwiri. Kalaliki anayendetsa chala pa khadi la bambo awo n'kunena kuti dzina lake palibe, mubwere mawa ndi kalata ya ku ofesi. Hefni anamuuza mwanayo kuti tibweranso mawa. Mawa lake anamuika m'manda.

Makadi ankakonzedwa mwatsopano chaka chilichonse nzimbe zisanayambe kulowa, gawo limodzi la antchito usiku umodzi. Lolemba inali nthawi ya oyendetsa sitima za nzimbe. Hefni anakhala maso ali pa makina, tiyi atazizira m'galasi. Kunja agalu anali chete. Ankangomva mapaipi a fakitale akudontha patali, ndi trrr, trrr. Nthawi ya 2 koloko inadutsa, mtima unayamba kukhala pansi. Kenako makina anaima. Kho, kho. Asanafike n'komwe pomwepo, anaimanso. Kho, kho.

Awiri. Onse amoyo. Mmodzi anali atamupatsa moni pageti.

Lachiwiri m'mawa anamuitana ku ofesi ya manejala. Munali injiniya Hazem, amene anabwera kuchokera ku Cairo miyezi iwiri yapitayo kudzasamutsira ntchito pa kompyuta yatsopano, munthu wa nsapato zosongoka amene ankamwa madzi a m'botolo okha ngati athuwa ndi a ng'ombe.

"Ine sindinasinthe ngakhale chilembo chimodzi," anatero Hazem, akumenya mulu wa mapepala. "Pulogalamu ndi yomweyo ya 1984, mzere ndi mzere. Ndinangoipititsa pa kompaila yatsopano."

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa manejala.

"Womasulira, bwana. Amatenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa zimene makina amamva. Womasulira sawonjezera, sachotsa. Ndiye ngati pulogalamu sinasinthe, pali dzanja limene likulowa usiku."

Onse anayang'ana Hefni. Osauka sachedwa kupezeka.

"Am Hefni," anatero manejala, pomutchula kuti amalume, mwaulemu wa anthu amene atsimikiza kale, "kiyi wausiku ali ndi ndani?"

"Ine, bwana."

"Unayambana ndi Bakhit?"

"Ndiyambane naye pa chiyani? Ali ndi chiyani chimene ine ndilibe, kupatula ana?"

"Pakamwa pako ndi pomwe padzakuphe. Tamvera. Pofika Lachinayi m'mawa, ngati izi sizinathe, ndikuchotsa ntchito ngati wowononga katundu wa kampani. Ukudziwa tanthauzo lake. Za kupuma kwako uiwale, nyumba utulukemo."

Madzulo ake mbiri inali itayenda kale. Bakhit anagwa pa maboyila, mbali imodzi itauma, anamutengera ku chipatala cha boma. Ena ankati ndi chifukwa cha mapiritsi aja. Ena ankati ayi, kalata inaneneratu. Ankati makina amaona zam'tsogolo, ankati Hefni amauzidwa maina ndi chinthu chokhala pansi pa matabwa a m'chipindamo, ankatinso Ustaz Wahba sanachokemo. Wogulitsa tiyi anatsuka galasi la Hefni padera, kawiri. Pageti, mlonda Gad anamukoka dzanja n'kumunong'oneza:

"Am Hefni, ukamalemba za usiku uno, apongozi anga usawaiwale. Akhala nthawi yaitali."

"Choka apa, Gad."

"Ndikuseka, bambo." Koma sanaseke. Anatsitsa mawu kwambiri. "Dzina langa ukaliona, ung'ambe. Ndikupatsa nkhunda ziwiri."

Usiku umenewo Hazem anabwera kudzagwira wakuba ndi maso ake. Anamuuza Hefni kuti akhale pakhomo, kutali ndi makina, manja pamawondo. Mabatani onse anadina yekha. Anakhala akuseweretsa foni, mpaka cha m'ma 1 koloko foni inamutopetsa, ndipo anayamba kumva zimene Hefni ankamva zaka zonsezi: mphepo ya makina imene nthawi zina imamveka ngati munthu akupuma kumbuyo kwako, matabwa apansi akudzilirira okha, nyali ija ikuti thi, thi.

"Nthawi zonse kumakhala chonchi?" anafunsa monong'ona.

"Lero kuli bwino, a Injiniya. Tilipo awiri."

Makina anaima.

Kho, kho.

Hazem anadzuka mwadzidzidzi mpaka mpando unagwa. Anawerenga kalatayo, anatsegula fayilo ya munthuyo pa kompyuta. Wamoyo, zonse zili bwino. Polowa ndi wamoyo, potuluka wafa, pakati palibe dzanja la munthu. Hefni anali pakhomo pomwe paja, manja pamawondo, ndipo anaganiza kuti wapulumuka.

Koma m'mawa Hazem anauza manejala kuti mwina mkuluyu anatchera kanthu kale mkati. Munthu wa madigiri angalolere kufa kusiyana n'kunena kuti sindikudziwa.

Hefni sanagone Lachitatu. Anakwera basi kupita m'tauni kwa Madamu Etimad, amene anagwira ntchito ndi Ustaz Wahba zaka makumi awiri asanapume. Anamupeza miyendo yotupa ili pa pilo.

"Hefni! Ukadali moyo? Ndinamva kuti masiku ano ndiwe mlembi wa mngelo wa imfa."

"Ngakhale inu, Madamu?"

"Khala pansi, usakwiye. Wapha ndani?"

Anatchula maina anayi aja. Madamu anafunsa ngati ndi a gawo limodzi. Ayi. Analowa ntchito chaka chimodzi? Ayi. Manambala awo ndi oyandikana? Hefni sankadziwa. Madamu anapukusa mutu, nati popanda mapepala sangathe kuona kanthu.

"Ine manambala sindiwadziwa," anatero Hefni, "koma anthuwo ndimawadziwa. Tsoka lake lagwera amene sangalikwanitse. Bakhit ali ndi akazi awiri ndi ana khumi ndi awiri. Wa dzulo uja akusunganso ana a mchimwene wake. Onse anayi nyumba zawo ndi misika. Akawatulutsa apita kuti?"

Madamu anaika galasi pansi pang'onopang'ono.

"Onse apitirira anthu khumi ndi awiri pa khadi?"

"Onse."

"Mandara," anatero. "Ndipatse ndodo yanga."

Anafika pa fakitale usiku, Gad atawatsegulira geti akutchula dzina la Mulungu. Hazem anali m'chipindamo, maso ofiira. Madamu sanapereke moni wautali. Anaitanitsa mulu wa mapepala a pulogalamu, ananyowetsa chala, anavundukula mpaka anafika pa mzere wina.

"Werenga apa, mwana wanga."

"MANDARA. Malo opanda kanthu, zilembo mazana asanu ndi limodzi. Ndinawaona kale. Palibe mzere uliwonse m'pulogalamu yonse umene umawatchula. Ndi zinyalala za akale."

"Kwanu ku Cairo mumakhala m'tizipinda tiwiri, n'chifukwa chake. Hefni, muuze mandara n'chiyani."

"Chipinda cha alendo, a Injiniya. Kuno ngakhale wosauka amakhala nacho. Ana amagona mopanikizana, koma icho chimakhala chosesa, chopanda munthu. Sudziwa amene abwere usiku."

Madamu anafotokoza, chala chili pa pepala. Mu 1984 akuluakulu a ku Cairo analamula kuti khadi likhale ndi malo a anthu khumi ndi awiri, poti iwo anali ndi ana awiriawiri ndipo ankati khumi ndi awiri ndi mtundu wathunthu. Wahba anawauza kuti kuno sikokwanira. Anamuuza kuti alembe zimene wauzidwa. Koma COBOL sawerengera alendo pakhomo. Ukamuuza kuti ika dzina lakhumi ndi chitatu pamene pali mipando khumi ndi iwiri, sakana, sadandaula. Amangoliika pa chilichonse chimene chili pafupi, kuphwanya zimene zinalipo. Ndiye Wahba anamanga chipinda chopanda kanthu pafupi ndi mipandoyo, kuti otsalawo azigweramo osaphwanya kanthu.

"Koma chipindacho chilipo!" anatero Hazem. "Si ichi apa? Sindinachichotse!"

"Pa pepala chilipo. Wamufunsa womasulira wakoyo ngati anachimanga? Tsegula lipoti lake, tsamba lomaliza, limene palibe amawerenga."

Hazem anatsegula. Anayendetsa mpaka pansi. Pamenepo, m'timalemba tating'ono, kompaila anali atalemba yekha kuti MANDARA waitaya chifukwa palibe amene amaigwiritsa ntchito.

"Wakale uja ankamanga zonse zimene wauzidwa, ngati bulu," anatero Madamu. "Watsopanoyu ndi wanzeru ngati iwe. Anaona chipinda chopanda munthu, anachigumula kuti asunge malo, osakuuza pamaso. Ndiye tsopano pafupi ndi mpando wa khumi ndi chiwiri pali chiyani? Yang'ana mzere wotsatira."

Hazem anawerenga mawu atatsika. "Chilembo chosonyeza kuti mwini khadi ali moyo."

"Basi. Mwana wotsiriza akusowa pokhala, akukhala pa moyo wa bambo ake. Makina akayang'ana osapeza chilembo cha moyo, amalemba kalata."

Hefni sankamvanso za Hazem. Ankawerenga ndi zala m'thumba anthu a pa khadi la bambo ake: amayi ake, amayi aang'ono, agogo, iye, Sabri, Fatheya, mpaka mmunsi. Khumi ndi awiri. Mlongo wake wotsiriza anatsala kunja.

"Madamu," anatero, "ogwera m'mandarawo, pa khadi amatuluka?"

Madamu sanamuyang'ane. "Ayi."

"Zaka zonsezi?"

"Wahba analemba makalata atatu, Hefni. Palibe anayankha."

"Ndipo ankamwa nane tiyi."

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi, poti kunali kwa mzere umodzi. Madamu anati kompaila amataya chokhacho chimene sichitchulidwa, ndiye ingochitchulani dzina. Anauza Hazem kuti alembe kuti pakutha pa banja lililonse, ngati m'mandara muli kanthu, makina asindikize. Hazem analemba, anamasuliranso pulogalamu, anayang'ana tsamba lomaliza lija. Mandara inali itabwerera. Anayambitsa gawo la usikuwo, la onyamula matumba.

Trrr, trrr. Anakhala atatu akudikira. 1 koloko. 2 koloko. Kalata ya maliro sinatuluke. M'malo mwake, apo ndi apo pakati pa makadi, pankatuluka mzere umodzi waufupi, dzina lokha. Hefni anaima pamakina n'kumawerenga. Samah wa Abdel-Radi. Mina wa Shafik. Amapasa a Hassanein. Ana amene ankawaona tsiku ndi tsiku akuthamangitsa ngolo za nzimbe, amene chipatala cha kampani sichinamvepo maina awo.

Cha m'ma 3 koloko khadi lomaliza linatuluka. Hazem anapumira m'mwamba, nayamba kuseka kaseko ka munthu wopulumuka. Madamu anagwira ndodo kuti adzuke.

Makina anaima, koma nyali yake yobiriwira sinazime. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka Hazem analeka kuseka. Kenako pepala linakwera. Kamodzi kokha. Kho.

Mzere unabwera pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo.

NARGIS ABDEL-AAL.

Hefni anagwira m'mphepete mwa makina.

"Ameneyu ndi wa banja liti?" anafunsa Hazem. "Mabanja atha." Anafufuza m'fayilo ya usikuwo, dzinalo munalibe. Anafufuza m'fayilo ya fakitale yonse, munalibe. Abdel-Aal yekha amene anamupeza, bambo ake a Hefni, anali m'buku la ochotsedwa, wa chaka cha 1999, ndipo za ana ake zinafufutidwa limodzi naye. Kompyutayo inali ya miyezi iwiri. "Mwina ndi zotsalira za kale m'mandaramo," anatero, akuyang'ana Madamu ngati wopempha.

"Mandara imasesedwa nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba," anatero Madamu motsitsa. "Chili m'menemo chalowa usiku uno." Anayang'ana nkhope ya Hefni, ndipo milomo yake inayamba kuyenda ndi pemphero.

"Ukumudziwa, Am Hefni?" anafunsa Hazem.

Hefni anang'amba kachidutswako bwinobwino, anakapinda, anakaika m'thumba la pamtima.

"Ndinamuuza kuti tibweranso mawa," anatero.

Lachinayi m'mawa manejala anamugwira chanza Hazem pamaso pa onse, nati mnyamatayu ndi mutu. Dzina la Madamu silinatchulidwe. Za ana a m'mandara anati alembera ku Cairo. Bakhit anatsala wouma mbali imodzi, ndipo kampani inamutumizira kalata ina yonena kuti ali moyo. Hefni anauzidwa kuti ntchito yake ilipo, nyumba ilipo, koma aphunzire kuyankha bwino akuluakulu. Pepani sanamumve kwa aliyense. Hazem anakwera sitima Lachisanu, atalemba pamwamba pa mzere wake uja kuti aliyense asaukhudze, ndipo palibe amene ali ndi mtima woukhudza, poti mandara ikaleka kutchulidwa kompaila aigumulanso, abambo ayambenso kufa.

Ndiye Hefni anapambana. Mphoto yake ndi miyezi isanu ndi itatu ina m'chipinda chomwecho, yekha. Makadi a chaka anatha, nzimbe zinayamba kulowa, koma pulogalamu imayendabe usiku uliwonse chifukwa cha obadwa ndi olembedwa kumene. Ngakhale usiku umene mulibe banja lalikulu, ntchito ikatha makina amaima, nyali yobiriwira osazima. Hefni sadzukanso kukawerenga. Amangodikira, galasi la tiyi lili m'manja.

Kho.

"Ndakumva," amatero. "Ndilipo."

Mawu akuti mawa sawatchulanso. Mkazi wake amaona ngati akamawerenga masiku pa kalendala ndiye kuti akufulumira kupuma. Sadziwa kuti chimene chimamusowetsa tulo masana si masiku otsalawo ayi. Ndi usiku woyamba umene mwanayo adzagogoda, m'chipindamo muli munthu wina amene sadziwa kuti ayankhe.